Nayini si imodzi

Kwathu ku Thyolo mwana wa Sitandade 2 amadziwa kusiyanitsa nthochi. Amadziwa kuti iyi ndi kabuthu, iyo ndi sukari, inayo ndi makumbuka. Mayi wothyola tiyi amadziwa ndi zala zokha, osayang'ana n'komwe, tsamba lomwe kapitawo akalandire pa sikelo ndi lomwe akabweze. Zinthu zomwe timakhala nazo tsiku ndi tsiku tinazipatsa mayina ambirimbiri. Koma ikafika nkhani ya mfuti mawu athu amatha msanga. Pali gogodera wa makolo, chifefe cha alonda, AK ya nkhondo ya ku Mozambique, ndi pisito. Basi. Chilichonse chaching'ono chotheka kubisa m'chiuno ndi pisito, ndipo chipolopolo chake aliyense amangoti "nayini".

Kuchepa kwa mawu kumeneku ine ndimakuona ngati mwayi. Kukusonyeza kuti sitinakule tikugona ndi mfuti kumutu. Komabe munthu wosadziwa chinthu ndi amene amachigula mosavuta, ndipo mu 2023 kusadziwa kumeneku kunatsala pang'ono kutipweteka pamtundu pathu.

Ndiyambe ndi bambo anga, chifukwa zomwe ndinadzamva pambuyo pake ndinazimvetsa kudzera mwa iwo. Anagwira ntchito zaka zoposa 20 yokonza makina mu fakitale ya tiyi pa esiteti ina, ife n'kumakhala ku malaini. Mu fakitale imeneyo munali makina a mibadwo iwiri. Akale anachokera ku Britain ndipo mabawuti ake anali a muyezo wa mainchi, uja anayambitsa Joseph Whitworth mu 1841. Atsopano anali a mamilimita. Bawuti ya theka la inchi ndi mamilimita 12.7, pomwe mnzake ndi mamilimita 12. Mukaziika pachikhatho simungaone kusiyana. Nati imayamba kulowa bwinobwino, kenako imalimba, ndipo mnyamata wamphamvu zake amangowonjezera paipi pa sipanala n'kukakamiza. Mazinga amadyeka mkati osaoneka. Makina amayenda sabata imodzi, mwina mwezi, kenako tsiku lina pakati pa dzinja, tiyi atadzaza, chitsulo chimamasuka pafupi ndi dzanja la munthu. Bambo ankati mmisiri woopsa si wosadziwa kanthu, koma amene amati "zalowa, ndiye kuti ndi zake".

Amalume athu, alongo awo a mayi, njira yawo inali ina. Anapita ku Joni kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Anayamba ndi kutchetcha kapinga m'mipanda ya azungu, kenako atapeza mapepala okhazikika analowa ntchito yaulonda. Anachita maphunziro a mfuti monga lamulo la kumeneko la Firearms Control Act la chaka cha 2000 limafunira, ndipo kwa zaka zambiri ankaperekeza galimoto zonyamula ndalama, pisito ya kampani ili m'chiuno. Anabwerera kumudzi ndi matenda a shuga, khutu limodzi losamva bwino, ndi malata okwana nyumba ya zipinda zitatu. Za mfuti sankakonda kukamba. Achinyamata akawafunsa ngati anaomberapo munthu, iwo ankangofunsa ngati nkhuku zamwetsedwa madzi.

Ndiye pali mng'ono wanga, mwana wa mayi aang'ono. Ali ndi golosale pa kamsika kena m'mphepete mwa minda ya tiyi. Malonda ake amadalira anthu a pa esiteti: amatenga sopo, mchere, mafuta ndi shuga pa ngongole, n'kudzalipira tsiku la malipiro. Choncho aliyense m'deralo amadziwa usiku womwe m'golosale mumagona ndalama. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, minda yambiri inakokoloka, njala inafika msanga, ndipo umbava unakula. Anamuthyolera kawiri. Ulendo wachiwiri anabwera anthu asanu ndi zikwanje, anamumanga manja ndi waya, mkazi wake anamumenya ndi chitsulo paphewa ana akuona. Mpaka lero mlamu wangayo satha kusenza ndowa yodzaza.

Patapita milungu ingapo anandiimbira foni kuti ndibwere kumudzi, pali nkhani yofunika amalume. Tinakhala m'nyumba, chitseko chotseka, kunja kuli chiperoni chosaonetsa ndi nthochi za pakhomo zomwe. Anatulutsa kansalu ka chitenje. Mkati munali pisito yaing'ono yosuluka mtundu, ndi zipolopolo 11 zokulungidwa mu jumbo. Anaigula kwa munthu wa kumalire, mtengo wake wa mbuzi zisanu. Zipolopolo anagula padera kwa munthu wina. Zomwe ankafuna n'zakuti amalume amuphunzitse kagwiritsidwe kake.

Amalume sanakalipe. Anachotsa magazini, anakoka chitsulo chapamwamba n'kusuzumira mkati kawiri kutsimikiza kuti mulibe kanthu, kenako anaiika pamphasa italoza kukhoma. Anatenga zipolopolo zija n'kuziimika pa mbale m'mizere itatu.

"Mphwanga, izi wati n'zanji?"

"Nayini, amalume. Anandiuza kuti nayini ndi nayini."

"Tayang'ana bwino. Zikufanana msinkhu?"

Sizinkafanana. Kusiyana kwake kunali kochepa ngati kukhuthala kwa chikhadabo, koma zitaima pamodzi kunkaoneka. Anatiwerengera zolembedwa kunsi kwa makoko. Mzere woyamba unali wa 9x17, yomwe ena amati .380 kapena nayini yaifupi. Wachiwiri unali wa 9x18, ya mfuti za ku Russia za Makarov. Wachitatu unali wa 9x19, yomwe Georg Luger anakonza ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ndi yomwe apolisi ndi asilikali a mayiko ambiri amagwiritsa ntchito lero. Nambala yachiwiriyo ndi kutalika kwa khoko m'mamilimita. Ndipo ngakhale nayini yoyambirirayo si yofanana, chifukwa mutu wa chipolopolo cha Makarov ndi wonenepa pang'ono, pafupifupi mamilimita 9.27, pomwe wa Luger ndi pafupifupi 9.0. Zinayi zokha mwa zipolopolo 11 zija ndi zomwe zinali za mfuti imeneyo.

Kenako anatifotokozera za chitsulo chapamwamba chija, chomwe iwo amachitcha silaidi. Ndiyesa kubwereza momwe ndinamvera, pamodzi ndi zomwe ndawerenga kuchokera nthawi imeneyo.

Munthu akakhethemula pisito, wonga umapsa mkati mwa khoko. Mphamvu yake imakankha mutu wa chipolopolo kutsogolo, komanso imakankha khoko kumbuyo ndi ukali womwewo. Chomwe chili kumbuyo kwa khoko ndi silaidi, ndipo kumbuyo kwa silaidi kuli nkhope ya woombera. Ntchito ya silaidi ndi kutseka khomo limenelo mpaka chipolopolo chitatuluka mumpope ndi mphamvu itatsika. Ikatero imabwerera m'mbuyo, kambedza kake kamakoka khoko lopanda kanthu, kachitsulo kena kamalikankhira kunja, kenako sipuling'i imabweza silaidi kutsogolo itatenga chipolopolo china. Zonsezi zimachitika munthu asanaphethire.

Pali njira ziwiri zikuluzikulu zotsekera khomolo. Mfuti za zipolopolo zofookerapo, monga Makarov yomwe asilikali a Soviet Union anayamba kugwiritsa ntchito mu 1951, zilibe loko. Mpope wake ndi womangiriridwa ku thupi la mfuti, ndipo silaidi imagwidwa ndi kulemera kwake komanso kulimba kwa sipuling'i, basi. Amalume anati zili ngati chitseko chomwe mwachitsamiza ndi thumba la chimanga: mphepo ya masiku onse siingachitsegule msanga. Koma 9x19 ndi yaukali kuposa pamenepo. N'chifukwa chake pafupifupi pisito zonse zopangidwira chipolopolo chimenechi zili ndi loko: mpope ndi silaidi zimakolana, zimabwerera limodzi kamtunda kochepa, kenako zimasiyana mphamvu itatsika. Njira yofala kwambiri ya loko imeneyi anaiyambitsa John Browning, yemwe anakonza Colt ya 1911.

"Tsono iwe," anatero amalume, "ukufuna kuika mphepo ya Freddy pa chitseko chotsamizidwa ndi thumba."

Anatembenuza mfuti ija pafupi ndi windo n'kutionetsa zinthu ziwiri. Choyamba, polowera chipolopolo panali zipsera zonyezimira, kusonyeza kuti mmisiri wina wa pansi pa mtengo anapalapo kuti zipolopolo zosakhala zake zizilowa. Chachiwiri, sipuling'i sinali yake, inali yodulidwa kuchokera ku chinthu china, nsonga yake yokhota. Ndipo m'mbali mwa silaidi, pafupi ndi potulukira makoko, munali kamzere kopyapyala ngati tsitsi. Mng'ono wanga anati n'kukalika chabe. Amalume anayendetsapo chikhadabo, chinakodwa. Anati umenewo ndi mng'alu.

Ine pamenepo ndinkaona bambo anga ndi bawuti yawo ya theka la inchi. Zalowa, ndiye kuti ndi zake.

Chomwe chinandidabwitsa nditayamba kuwerenga n'chakuti ngakhale makampani akuluakulu, okhala ndi mainjiniya ndi zipangizo zoyezera, nkhani imeneyi amaiopa. Browning Hi-Power inatuluka ku Belgium mu 1935 ndipo inatumikira zaka zoposa 50 ndi chipolopolo cha 9x19. Chipolopolo cha .40 S&W chitabwera mu 1990, opanga ake anafuna kuti Hi-Power izichigwiritsanso ntchito. Sanangosintha mpope ayi. Anakhuthalitsa silaidi kuti ilemere, analimbitsa sipuling'i, ndipo mano a loko anawachulukitsa kuchoka pa awiri kufika pa atatu. Chifukwa chake n'chakuti mutu wa .40 ndi wolemera, ndipo chinthu cholemera chikamapita kutsogolo chimakankha kwambiri kumbuyo. Silaidi yopepuka ikanamabwerera mothamanga kwambiri n'kumamenya thupi la mfuti mpaka kuliwononga.

Chimodzimodzi Glock ya ku Austria. Glock 17 ya 9x19 ndi Glock 22 ya .40, munthu wamba ataziona patebulo anganene kuti ndi mapasa. Koma nkhope ya mkati mwa silaidi, pomwe thako la khoko limatsamira, ndi yosiyana, chifukwa thako la 9x19 ndi pafupifupi mamilimita 10 pomwe la .40 ndi pafupifupi 10.8. Kambedza kokokera khoko n'kosiyana, kachitsulo kolikankhira kunja n'kosiyana, magazini ndi yosiyana. Ndipo pa mtundu wawo wachisanu, kampaniyo inakhuthalitsa silaidi ya .40 kuposa ya 9x19. Ikafika .45, yomwe thako lake limapitirira mamilimita 12 ndipo mutu wake umalemera pafupifupi magalamu 15, kuwirikiza kawiri mutu wamba wa 9x19, thupi lonse la mfuti limakula, chogwirira chomwe. Chipolopolo ndiye chimalamula. Mmisiri amayamba wachiyeza icho, kenako n'kumanga mfuti mochizungulira.

Nanga silaidi ikalephera chimachitika n'chiyani? Amalume ankaidziwa bwino Z88, pisito yomwe apolisi a ku South Africa ananyamula zaka zambiri, yopangidwa motsatira Beretta 92 ya ku Italy. Asilikali a ku America anasankha Beretta imeneyi mu 1985. Zaka zochepa zotsatira, masilaidi angapo anathyoka pakati mfuti ikuombedwa, chidutswa chakumbuyo n'kuulukira kumaso kwa oombera, ena n'kuvulala. Kampaniyo inachita kuwonjezera kachitsulo kogwira silaidi kuti ikathyoka isauluke, ndipo mtundu umenewo ndi womwe umatchedwa 92FS. Zimenezi zinachitikira mfuti zochokera ku fakitale, m'manja mwa asilikali ophunzitsidwa. Ya mng'ono wanga inali yakale, yopalidwa, yong'aluka, ya sipuling'i yobwereka.

Funso lomwe linkandivuta linali lakuti, kachitsulo ka ku Russia kanafika bwanji pamphasa ya m'mudzi wa ku Thyolo? Yankho lake lili pafupi. Nkhondo ya ku Mozambique inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, patatha zaka pafupifupi 16, ndipo Malawi anasunga othawa nkhondo okwana pafupifupi miliyoni imodzi. Anthu anabwerera kwawo, koma si mfuti zonse zomwe zinabwezedwa ku boma. Mu Disembala 1993 asilikali athu analanda zida a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani, ena mwa iwo n'kuthawira ku Mozambique komweko. Kumeneko mipingo inayesetsa: kuyambira mu 1995 bungwe la Christian Council of Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linkalandira mfuti n'kupereka makasu, njinga ndi makina osokera. Ndipo pa 14 Ogasiti 2001 atsogoleri a SADC anasainira mu Blantyre momwemu pangano lothana ndi kufala kwa mfuti. Komabe chitsulo sichiola msanga ngati pepala. Mfuti yokwiriridwa m'munda itapakidwa girisi imatha kudikira zaka 30, kenako n'kuyamba kuyenda m'manja, aliyense n'kumaikonza momwe akudziwira.

Mng'ono wanga sanagonje msanga, ndipo sindimuweruza. Mawu ake ndimawakumbukira.

"Amalume, inu mukukamba za zitsulo. Ine ndikukamba za mkazi wanga. Mmene ankamumenya ine ndinali chigonere pansi ngati mbuzi yopita kumsika. Apolisi ali kutali, foni kuimba amafika kutacha. Ndiye ndizitani? Ndingoponya zolakwikazo, nditsale ndi zinayi zake zenizenizo."

Amalume anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati ngakhale ndi zinayi zakezo, silaidi yong'aluka siuza munthu tsiku. Ikhoza kupirira kakhumi, ikhoza kuthyoka koyamba. Anati usiku, munthu wodzidzimuka kutulo, manja akunjenjemera, ana ali kuseri kwa khoma la njerwa zosaotcha, chipolopolo sichifunsa kuti uyu ndi wakuba kapena ndi mwana wopita kukataya madzi. Anati iwo anaphunzira miyezi, ankayesedwa kawirikawiri, komabe anaika m'manda anzawo awiri omwe anaphedwa ndi anthu ofuna kuwalanda pisito yomweyo. Mbava zikamva kuti pa golosale paja pali mfuti sizisiya kubwera, zimangobwera ndi yawo. Ndipo pamwamba pa zonsezo panali lamulo: m'dziko muno kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu wopita nawo kundende.

"Ine ndine mwinimbumba," anatero. "Ukafa ndi ine ndikayankhe. Ukapha ndi ine ndikagwade kwa eni maliro. Ukamangidwa ana ako abwera pakhomo pano. Ndiye pa zitatuzi undisankhire chomwe ukufuna ndisenze."

Sanayankhe. Anatuluka n'kukaima m'nthochi, mvula ya chiperoni ikumunyowetsa. Amalume anakulunga mfuti payokha, zipolopolo pazokha, ndipo usiku umenewo zinagona kwa iwo. M'mawa mwake anapita kwa amfumu, amfumu anaitana wapampando wa chitetezo cha m'mudzi, ndipo onse pamodzi ndi mng'ono wanga anakapereka katunduyo ku polisi. Sizinali zophweka. Anafunsidwa mafunso ambiri, anayenda maulendo angapo, ndipo kwa milungu ingapo tonse tinkagona ndi mantha kuti mwina sabwerako. Nkhani inatha, koma mbuzi zisanu zija zinapita.

Anakwiya nawo amalume pafupifupi chaka. Pa maliro ankawapatsa moni wa patali. Ine ankandiimbira foni usiku kundiuza kuti wamva agalu akuuwa ndipo ali chikhalire pakama ndi chikwanje, n'kundifunsa kuti kodi nzeru za amalume zimuteteza bwanji panopa. Ndinalibe yankho lomukhutiritsa, ndipo sindinayesere kupeka. Mantha ake anali oona. Zomwe amalume ananena zinalinso zoona. Zoona ziwirizi zinkakhala m'nyumba imodzi osalankhulana.

Zomwe zinasintha zinali zazing'onozing'ono. Eni magolosale asanu ndi mmodzi a pakamsika paja anagwirizana kulemba alonda awiri, aliyense n'kumasonkha pamwezi. Anagula mawenzulo ndi matochi, anamangirira chitsulo chakale cha wilo ya thirakitala pamtengo wa bulugamu kuti chizikhala belu. Mng'ono wanga anayamba kuuza makasitomala ake kuti ngongole azilipira pa foni, ndipo zotsala amakazisiya kwa ejenti dzuwa lisanalowe, moti m'golosale simugonanso ndalama zambiri, ndipo anaonetsetsa kuti aliyense adziwe zimenezo. Zitsulo za m'mawindo ndi chitseko chachitsulo anawotcherera ndi mnzawo wa bambo anga, yemwe anapuma ntchito ku fakitale. Sindinganene kuti mbava zinatha ku Thyolo. Chaka chathachi anaba mbuzi kwa aneba ake, ndipo belu lija linalira mochedwa.

Amalume tsopano maso ayamba kuchita chifunga chifukwa cha shuga, ndipo jakisoni wawo amafunika kusungidwa pozizira. Kumudzi kwawo magetsi sanafike. Golosale ya mng'ono wanga ndi yomwe ili ndi firiji, ndiye mankhwalawo amakhala mmenemo, pakati pa mabotolo a zakumwa, m'kachitini kolembedwa dzina lawo. M'mawa uliwonse mwana wake wamkulu amawapititsira pa njinga asanapite kusukulu. Ulendo wina dokotala anawasinthira mtundu wa mankhwala, botolo lake lofanana ndendende ndi lakale. Mng'ono wanga anakana kuwatumizira mpaka ataimbira foni kuchipatala kufunsa ngati muyezo wa jakisoni ukhale womwewo. Anamuuza kuti ayi, utsike.